Bandulo ikutha msanga mukalumikiza laputopu ku hotspot?

Abale anga, ngati laputopu mumailumikiza ku hotspot ya foni ndiye bandulo ikumangotha osadziwa kuti yapita kuti, nthawi zambiri ndi Windows Update imeneyo, pulogalamu yobweretsa zokonza zatsopano (ma update) za Windows, imadawuniloda zinthu mwakachetechete inu muli busy ndi zina, mwinanso ma GB angapo. Pa Windows 10 kapena 11 lowani mu Settings, kenako Network & Internet, Wi-Fi, dinani dzina la hotspot yanuyo muyatse pomwe palembedwa Metered connection. Kompyuta imadziwa kuti datayo ndi yogula, ma update akuluakulu imawasiya kaye, OneDrive, pulogalamu yosunga mafayilo anu pa intaneti, nayonso imaima. Koma chonde ma updatewo musawataye, ndi amene amatseka mipata yolowera ma virus, ndiye mukapeza Wi-Fi ya ku ofesi kapena kusukulu pangani pomwepo.