Seva ya Linux yauma: momwe mungapezere amene wagwira loko mu kernel

Seva ikauma, dzanja limathamangira ku batani lozimitsira. Dzigwireni kaye. Mukaiyatsanso, umboni wonse wa chimene chachitika umafufutika, ndipo vutolo limabweranso mawa kapena sabata yamawa. Kawirikawiri seva yotere siinafe ayi. Ping ikuyankha, magetsi ali bwino, koma mapulogalamu aima pamzere kudikira loko imodzi mkati mwa kernel, mtima wa Linux umene umayendetsa CPU, memory ndi disiki.

Loko ndi njira imene kernel imagwiritsa ntchito kuti mbali ziwiri zisasinthe chinthu chimodzi nthawi imodzi. Ali nayo amagwira ntchito, ena onse amadikira. Zili ngati pa chigayo: mzere ukatalika, simufunsa amene ali kumapeto chifukwa chake sakusuntha, mumapita kutsogolo kukaona amene chimanga chake chatsamwitsa makina. Ntchito yonse ili pamenepa. Mauthenga a kernel amakuonetsani odikira, inu mukufuna wogwira loko.

Konzekerani vuto lisanafike

Izi zichitike seva ikadali bwino. Yatsani SysRq, njira yotumizira malamulo mwachindunji kwa kernel, ndi `sysctl -w kernel.sysrq=1`, ndipo mulembenso mu `/etc/sysctl.d/` kuti zisachoke ikayatsidwanso. Ikani kdump, chida chosunga zimene zili mu memory kernel ikagwa, onetsetsani kuti pa mzere woyambitsira kernel pali `crashkernel=`, kenako yesani kamodzi pa nthawi imene anthu sakugwira ntchito: `echo c > /proc/sysrq-trigger`. Seva igwa dala, ndipo mukuyenera kupeza fayilo ya vmcore, yosunga zimene zinali mu memory, mu `/var/crash`. Kdump yosayesedwa musaidalire. Imalephera pa zinthu zazing'ono, monga memory yochepa imene munaipatulira kapena disiki yodzaza.

Mauthenga a kernel azipitanso kunja kwa seva, chifukwa ngati loko yomangikayo ndi ya disiki, palibe chimene chilembedwe mu `/var/log`. Netconsole imatumiza mauthengawo pa UDP ku kompyuta ina, pa port 6666 ngati simunasinthe.

Kodi akugona kapena akuzungulira?

Pali mitundu iwiri ya kudikira, ndipo mukaisokoneza mutaya tsiku lonse.

Mutex ndi rw_semaphore zimagoneka wodikira. Pulogalamuyo imalowa mu state D (kugona kosasokonezeka), CPU imakhala ili phee, koma load average imakwera mpaka 200 kapena kuposa, chifukwa Linux imawerengera pamodzi ndi amene ali mu D. Ngakhale `kill -9` siiwakhudza kawirikawiri. Pakapita masekondi 120, dmesg (kaundula wa mauthenga a kernel) imalemba kuti `task ... blocked for more than 120 seconds`. Dziwani kuti uthengawu umasiya kubwera ukatuluka maulendo 10. Ambiri amaganiza kuti vuto latha pomwe kernel yangosiya kudandaula. Ikani `kernel.hung_task_warnings=-1` kuti isasiye.

Spinlock siigoneka munthu. Wodikira amazungulira pa CPU kufunsa mosalekeza ngati loko yamasuka. Apa `top` imaonetsa sy (nthawi imene CPU ili mu kernel) yokwera kwambiri, mwina 90 pa 100, ndipo CPU ikakhala mu kernel kupitirira masekondi 20 osapatsa ena mpata, mumaona `soft lockup - CPU#3 stuck for 22s`. Ngati ngakhale ma interrupt atsekedwa, ndiye hard lockup, imene imagwidwa ndi NMI watchdog pakapita pafupifupi masekondi 10.

Tengani chithunzi cha momwe zinthu zilili

Ngati shell ikugwirabe ntchito, lembani `echo w > /proc/sysrq-trigger`. Izi zimalemba mu dmesg onse amene ali mu D pamodzi ndi njira imene anadutsa mu kernel mpaka pomwe aima. Kenako `echo l > /proc/sysrq-trigger` kuti muone chimene CPU iliyonse yotanganidwa ikuchita. Pa kiyibodi ndi Alt, SysRq ndi chilembocho pamodzi. Chitani zimenezi katatu, motalikirana masekondi 30. Ngati zithunzi zitatuzo zikufanana ndendende, mzere waimiratu: mwina maloko amangana, kapena wogwira loko akudikira chinthu chimene sichikuyankha. Ngati mayina akusintha koma malo odikirira ndi omwewo, mzere ukuyenda, kungoti pang'onopang'ono kwambiri. Awa ndi matenda awiri osiyana.

Chilembo t chimalemba mapulogalamu onse. Pa seva ya ma thread masauzande, chimadzaza buffer ya dmesg n'kufufuta chiyambi, ndipo pa serial console ya liwiro la 115200 kulembako kokha kukhoza kuimitsa seva kwa mphindi zingapo. Yambani ndi w.

Samalaninso ndi `ps aux`. Imawerenga `/proc/PID/cmdline`, ndipo kuti itero imafuna mmap_lock ya pulogalamuyo, loko ya memory yake imene isanafike kernel 5.8 inkatchedwa mmap_sem. Ngati loko imeneyo ndi yomwe yamangika, ps nayo ilowa pamzere ndipo shell yanu yatha. Gwiritsani ntchito `ps -eo pid,stat,wchan:32,comm`, kenako `cat /proc/PID/stack` pa amene mukuwakayikira, kuti muone stack, njira imene anadutsa mu kernel.

Tsatani mzere mpaka kutsogolo

Gawani ma stack amene mwatenga m'magulu. Amene ali ndi `mutex_lock`, `rwsem_down_read_slowpath` kapena `rwsem_down_write_slowpath` pafupi ndi pamwamba ndi odikira chabe. Mzere wa pansi pake ndi umene ukukuuzani loko yake: `rtnl_lock` ndi ya makonzedwe a netiweki, `do_user_addr_fault` kapena `vm_mmap_pgoff` ndi mmap_lock. Tsopano fufuzani mmodzi kapena awiri amene stack yawo ndi yosiyana ndi ya anzawo. Ameneyo nthawi zambiri sakudikira loko konse. Ali mu `io_schedule` kudikira disiki, kapena mu `rpc_wait_bit_killable` kudikira seva ya NFS (yosunga mafayilo pa netiweki) imene yasowa.

Chitsanzo chodziwika pa ma kernel akale: thread imodzi yakhudza fayilo ya pa NFS imene inalumikizidwa ndi mmap, yagwira mmap_lock ngati wowerenga, ndipo NFS siikuyankha. Thread ina ya pulogalamu yomweyo ikufuna `munmap`, choncho ikudikira ngati wolemba. Kuyambira pamenepo owerenga onse atsopano, kuphatikiza ps ndi pulogalamu yanu yoyang'anira seva imene imathamanga mphindi iliyonse, akuunjikana kumbuyo kwa wolembayo. Dmesg idzadzaza ndi dzina la ps, pomwe wolakwa ndi chingwe cha netiweki kapena seva ina kuchipinda china.

Ma stack akapanda kukuuzani bwino, gwetsani seva ndi chilembo c cha SysRq, mutsegule vmcore ndi `crash vmlinux vmcore`. Vmlinux ikhale ya debuginfo yofanana ndendende ndi kernel imene inagwa. Mkati mwa crash, `ps -m | grep UN` (UN ndi dzina la D mu crash) imaonetsa nthawi imene aliyense wakhala mu D. Amene wakhalitsa kuposa onse ndiye woyamba kumufunsa. `foreach UN bt` imapereka ma stack awo, `bt -a` imapereka a ma CPU. Pa loko ya dzina lodziwika, `px rtnl_mutex` imaonetsa owner, adiresi ya wogwira loko. Ma bit atatu omaliza a nambalayo ndi zizindikiro, si mbali ya adiresi. Mukaona yothera pa c001, sinthani ikhale c000, muipereke kwa `bt`. Mukaiwala zimenezi crash ikana kuti palibe task yotere. Pa rw_semaphore yogwidwa ndi owerenga, owner imangosunga wowerenga amene analowa posachedwa, amene mwina anatuluka kale. Musamuweruze msanga.

Mzere ukakhala ukuyenda

Apa vmcore siithandiza kwenikweni, pakufunika kuyeza. `perf top -g` ikaonetsa `native_queued_spin_lock_slowpath` pamwamba, musaime pa dzinali, chifukwa ndi pamalo podikirira basi. Tsegulani muone amene waitana. Kuyambira kernel 5.19 muli ma tracepoint a contention_begin ndi contention_end, ndipo perf yatsopano imawagwiritsa ntchito: `perf lock contention -ab -- sleep 10` imakupatsani kuchuluka kwa kudikira, nthawi yonse yotayika, ndi function yoitana, popanda kumanganso kernel. Pa kernel yomangidwa ndi CONFIG_LOCK_STAT, lembani 1 mu `/proc/sys/kernel/lock_stat`, dikirani, muwerenge `/proc/lock_stat`. Yang'anani waittime-total ndi holdtime-max. Loko yogwidwa nthawi yaitali kamodzikamodzi ndi vuto lina, yogwidwa kanthawi kochepa ndi ma CPU 64 onse nthawi imodzi ndi linanso.

Ngati seva ndi VM (seva yokhala mkati mwa kompyuta ina), onani st (nthawi ya CPU yolandidwa) mu `top` musanaimbe mlandu kernel. Hypervisor, pulogalamu yoyendetsa ma VM, ikhoza kulanda CPU ya amene wagwira spinlock, ena onse n'kumazungulira kudikira munthu amene sakuthamanga n'komwe. Mankhwala ake ndi kuchepetsa ma vCPU kapena kuchotsa ma VM ena pa host.

Maloko akamangana zenizeni

Wina wagwira A akufuna B, mnzake wagwira B akufuna A. Chida chake ndi lockdep, imene Ingo Molnar anailowetsa mu kernel 2.6.18 mu 2006. Yatsani kernel yomangidwa ndi CONFIG_PROVE_LOCKING pa makina oyesera, muthamangitse ntchito yomweyo. Siidikira kuti seva iume. Ikangoona maloko awiri atengedwa mosinthana ndondomeko, ngakhale pa nthawi zosiyana, imalemba `possible circular locking dependency detected` ndi njira zonse ziwiri. Imachedwetsa makina, choncho siyoyenera pa seva ya makasitomala, ndipo ikalemba lipoti loyamba imadzizimitsa, ndiye lipotilo lisungeni.

Mukapeza wogwira loko, onani dzina la module m'ma stack ake. Ngati ndi driver yochokera kunja kwa kernel, mzere wa `Tainted:` uonetsa O kapena P, ndipo choyamba kuyesa ndi kuichotsa kapena kuisintha. Ngati ndi code ya kernel yeniyeni, `scripts/get_maintainer.pl` ikuuzani woyenera kumutumizira. Mutumizireni zotsatira za `uname -r`, zithunzi zitatu za w zija zathunthu osadula, ndi stack ya wogwira loko. Pa seva yomwe, ikani `kernel.hung_task_panic=1` kapena `kernel.softlockup_panic=1` kuti ikadzaumanso usiku idzadzigwetse yokha n'kusiya vmcore, koma ngati disiki zanu zimachedwa mwachibadwa, kwezani kaye `kernel.hung_task_timeout_secs` kuchoka pa 120 kufika pa 300 kapena 600.