Ndalama zothandizira ochitiridwa nkhanza zikatsala pakutha kwa chaka

M'dziko la America, mabungwe ambiri osamalira amayi othawa nkhanza za m'banja, ana ogwiriridwa ndi anthu ena ochitiridwa zaupandu amadalira thumba la boma lalikulu lotchedwa Crime Victims Fund, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la Victims of Crime Act, mwachidule VOCA, m'chaka cha 1984. M'thumbali simulowa msonkho, koma chindapusa cha anthu ndi makampani opezeka olakwa m'makhoti a boma lalikulu, choncho milandu ikuluikulu ikachepa thumbalo limaphwa. Lamuloli analikonza mu 2021 kuti ndalama zimene makampani amapereka pogwirizana ndi boma kuti asazengedwe mlandu nazonso zizilowa momwemo, komabe mu 2024 ndalama zopita kuzigawo za dzikolo (ma state, omwe ali ndi maboma awoawo) zinadulidwa ndi pafupifupi 40 pa 100 iliyonse. Zigawo zina zinatseka mpatawo ndi ndalama zawo: Maryland inakhazikitsa lamulo mu 2023 loti ntchitoyi izikhala ndi madola 60 miliyoni pachaka, ndipo California inapatula madola 103 miliyoni mu 2024.

Vuto limene oyendetsa mabungwe ayenera kulidziwa ndi loti ndalama za chigawo zili ndi tsiku lake lothera. Zigawo 46 mwa 50 zimatseka chaka cha zachuma pa 30 June, New York pa 31 March, Texas pa 31 August, ndipo kawirikawiri ndalama yomwe sinagwiritsidwe ntchito pofika tsikulo imabwerera m'thumba lalikulu la chigawo, komwe ikhoza kukathera kumisewu kapena kundende. Amene anagwirapo ntchito m'boma ku Malawi akudziwa piringupiringu wa mwezi wa March, pamene chaka cha zachuma chikutha. Ku America nakonso ndi chimodzimodzi. Mankhwala ake ndi mawu ochepa olembedwa m'lamulo, onena kuti ndalama zotsala zisabwezedwe koma zikhale m'thumba lapadera la ochitiridwa nkhanza mpaka zitagwira ntchito yake. Zigawo zina zimati ndalama zotere ndi nonlapsing, zina zimati nonreverting.

Ngati bungwe lanu lili ndi mwayi wopereka maganizo pamene bilu ikukambidwa kunyumba ya malamulo ya chigawo, musakhutire ndi mawu oti ndalama zisabwezedwe okhawo. Onetsetsani kuti lamulolo likutchula ntchito imene ndalamazo ziyenera kugwira, chifukwa thumba lopanda mwini limakopa aliyense chaka cha mavuto. Pemphaninso kuti zotsalazo zisachotsedwe pa gawo la chaka chotsatira, pakuti ngati mwasunga madola 200,000 ndipo aphungu akudulani 200,000 yomweyo m'bajeti yatsopano, ndiye kuti lamulolo silinakupinduliranipo kanthu.

Mbali imene ambiri amainyozera ndi kufotokoza chifukwa chake ndalama yatsala. Phungu akaona zotsala pa pepala amafulumira kuganiza kuti anthu ofuna thandizo ndi ochepa, chonsecho zifukwa zenizeni zimakhala zina. Ndalama zambiri zoterezi sizibwera patsogolo: bungwe limayamba lawononga zake, kenako limatumiza malisiti kuti libwezeredwe, ndipo bungwe laling'ono lopanda chosungira limaopa kulemba munthu ntchito mgwirizano wake ndi chigawo wolandirira ndalamazo usanasainidwe. Tiyerekeze kuti mlangizi wa amayi wasiya ntchito mu October, ndipo wolowa m'malo mwake wapezeka mu February. Malipiro a miyezi inayi atsala m'buku, koma m'miyezi yomweyo foni ya usiku inkalira popanda woyankha, ndipo mayi amene anafika ndi ana awiri ndi jumbo la zovala anauzidwa kuti adikire. Lembani zonsezi mwezi ndi mwezi: malo antchito amene ali opanda munthu, tsiku limene mgwirizano unafika, ndi chiwerengero cha amene munawabweza chifukwa chosowa bedi kapena loya. Bungwe la National Network to End Domestic Violence limachita kalembera wa tsiku limodzi chaka chilichonse, momwe limawerenganso zopempha zimene sizinayankhidwe, ndipo njira yomweyo mukhoza kuitengera pa bungwe lanu. Koma perekani manambala okha. Malamulo a ndalamazi amaletsa kuulula dzina kapena chilichonse chozindikiritsa wochitiridwa nkhanza popanda chilolezo chake, ndipo kwa munthu amene akubisala kwa womuzunza, kuululika kumeneko kungamuphetse.

Pewani chizolowezi chogula mwaphuma chaka chikamatha. Ine ndimaona kuti mipando yatsopano ndi makompyuta ogulidwa mu June pofuna kungomaliza ndalama amawononga mbiri ya bungwe kuposa ndalama yotsala yokhala ndi chifukwa chomveka, ndipo owerengera chuma amazindikira msanga kagulidwe kotere. Unikani bajeti miyezi itatu iliyonse, ndipo mukaona kuti gawo lina litsala, lemberani ofesi ya chigawo yoyang'anira ndalamazo nthawi ikadalipo, kupempha kuti zisamutsidwire kumene kukusowa, monga lendi ya mwezi woyamba ya mayi amene akutuluka m'nyumba yobisalira kapena womasulira chilankhulo kukhoti. Musasamutse nokha chilolezo chisanabwere cholembedwa.

Sunganinso ndalama za chigawo ndi za boma lalikulu m'mabuku osiyana, chifukwa masiku ake othera sagwirizana. Chaka cha boma lalikulu chimatha pa 30 September, ndipo ndalama za VOCA chigawo chimaloledwa kuzigwiritsa ntchito m'chaka chimene zaperekedwa ndi zaka zitatu zotsatira, ngakhale mgwirizano wa bungwe lanu ndi chigawocho ukhoza kukhala waufupi kuposa pamenepo. Werengani mgwirizano uliwonse, lembani masiku ake pakhoma la ofesi ya zachuma, ndipo pamene malamulo a thumba lililonse akulola, yambani kugwiritsa ntchito ndalama imene ithe msanga, kusiya imene lamulo laiteteza kuti idzakuthandizeni m'miyezi yoyamba ya chaka chatsopano, pamene mgwirizano wina ukhala usanasainidwe.