Momwe mungayesere ngati kusanja mapaketi kukufulumizitsa makalata pa BBS yanu

Eni ena a BBS (kompyuta imene anthu amalumikizako kuti awerenge ndi kusiya mauthenga) amakhulupirira kuti akasanja mapaketi obwera (mafayilo onyamula makalata) asanawapereke kwa tosser (pulogalamu yolowetsa makalata m'malo ake), makalata alowa msanga. Nthawi zambiri sizitero, ndipo mutha kudzionera nokha pa makina anu.

Pa FidoNet, netiweki yolumikiza ma BBS imene Tom Jennings anayambitsa mu 1984, makalata amafika m'mafayilo a .PKT, kawirikawiri atamangidwa m'mitolo ya mayina othera ndi .MO0, .TU1 ndi ena otero, kutengera tsiku la sabata. Tosser, kaya ndi FastEcho, Squish, CrashMail kapena HPT, imamasula mtolo, kuwerenga mzere wa AREA (wotchula dera la zokambirana) pa uthenga uliwonse, kufufuza ngati uthengawo unalowapo kale, kuulemba m'malo ake, kenako kuukonzera ma node ena (ma BBS anzanu) amene sali mu SEEN-BY, mndandanda wa amene auona kale. Ntchitoyi ndi yomweyo kaya yatsogola paketi ya Lolemba kapena ya Lachiwiri. Nthawi yambiri imathera polemba pa disiki.

Yambani ndi kukopera padera foda ya inbound (yofikira mapaketi) isanagwiridwe, nkhokwe zonse za mauthenga, ndi fayilo imene tosser imasungamo mbiri ya mauthenga olowa kale. Fayilo yomalizayi musaiiwale. Mukaisiya momwe ilili, ulendo wachiwiri tosser iona uthenga uliwonse ngati wobwereza, iutaya, ndipo mudzaganiza kuti kusanja kwachita zodabwitsa.

Kenako tsekani mailer yanu (pulogalamu yotumiza ndi kulandira mapaketi), monga binkd, ndipo yesererani pa zokoperazo. Apa samalani ndithu: mukayesa pa dongosolo lenileni, anzanu amene amalandira echomail (makalata a zokambirana za pagulu) kuchokera kwa inu alandira makalata omwewo kawiri, ndipo sasangalala.

Tsopano yendetsani tosser mapaketi ali chisakanizire, mulembe nthawi yoyambira ndi yothera kuchokera mu log (fayilo imene tosser imalembamo zimene yachita). Bwezerani zonse mwakale, zimitsani kompyuta ndi kuyatsanso, sanjani mapaketi, muyendetsenso. Kuzimitsako n'kofunika chifukwa kompyuta imasunga m'memory zimene yangowerenga kumene, choncho ulendo wachiwiri umathamanga wokha ngakhale musanasinthe kanthu. Nthawi imene kusanjako kwadya muiwerengerenso. Bwerezani kangapo, mukusinthanitsa choyamba.

Kusiyana kukakhala kochepa, musataye mtima ndi kusanja. Phindu lake lili kwa owerenga: mapaketi akalowa motsatana, funso limaoneka yankho lisanabwere, ndipo zokambirana zimamveka mutu wake. Sanjani potengera tsiku ndi nthawi zolembedwa kumutu kwa paketi, osati tsiku la fayilo, lomwe limatha kusintha fayilo ikamakopedwa kapena kumasulidwa.

Ngati vuto lanu ndi kuchedwa, yang'anani nkhokwe. Mtundu wakale wa *.MSG umasunga uthenga uliwonse m'fayilo yakeyake, ndiye dera lotanganidwa likadzaza mafayilo masauzande, disiki imavutika kuwafufuza. Kusamukira ku nkhokwe za mtundu wa JAM kapena Squish, kumene dera lonse limakhala m'mafayilo ochepa okhala ndi index (kalozera), n'kumene ine ndingayambire. Ikaninso malire a mauthenga pa dera lililonse, muzifufuta akale ndi kupanikiza nkhokwe usiku pamene palibe oyimba, ndipo madera amene palibe akuwawerenga muwaletse kudzera ku AreaFix (pulogalamu yolandira mapempho otsegula kapena kutseka madera) ya amene amakutumizirani.