Nandolo wathu ndi dal wa ku India: sungani wina, muphike

Nandolo akauma m'minda ya ku Mulanje, Phalombe, Zomba, Machinga, Mwanza ndi Neno, ogula amabwera ndi masikelo, matumba n'kukwera m'malole. Wochuluka wa nandolo ameneyu amaoloka nyanja kupita ku India, dziko limene limalima nandolo wambiri kuposa lina lililonse koma sawakwanirabe. Mu 2021 boma la Malawi ndi la India adagwirizana kuti tizigulitsa kumeneko matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu. Chomwe amamufunira chonchi ndi ndiwo yotchedwa dal, imene m'makomo ambiri imaphikidwa tsiku ndi tsiku. Olemera ndi osauka omwe amadya, ndipo chifukwa ndi yofewa, khanda loyamba kudya ndi agogo opanda mano amagawana mphika umodzi. Banja limakhala pamodzi, mpunga kapena chapati pakati, aliyense n'kumathira dal pambale yake.

Zimandipweteka ndikafika pakhomo pamene agulitsa nandolo yense, kenaka mwezi wa Januwale ana akudya nsima ndi masamba okhaokha. Nandolo wouma ali ndi zomanga thupi zopitirira pang'ono magawo 20 pa 100 alionse. Mukamuphatikiza ndi mpunga kapena nsima, china chimakwaniritsa chimene chinzake chikusowa. Chonde, musanaitane wogula, patulani ndowa ziwiri kapena zitatu za pakhomo, muumitse bwino, musunge motetezeka ku anankafumbwe.

Amene mumadziwa chipere simuvutika, chifukwa dal ndi m'bale wake. Amayamba ndi nandolo wochotsa makoko ndi kuswa pawiri, amene ku India amamutcha toor dal kapena arhar dal. Woswa kale amapezeka m'masitolo ena m'tauni, koma mutha kukonza nokha. Khoko la nandolo limamatirira kwambiri kuposa la nyemba, n'chifukwa chake m'midzi ya ku India amayamba amupaka timafuta pang'ono tophikira, n'kumuyanika padzuwa masiku angapo kuti khokolo lilekane ndi njere. Akatero amamuswa pamphero mopepuka, osati mpaka kukhala ufa, n'kupeta. Inunso chitani chimodzimodzi ndi mphero ndi lichero lanu. Akakhala kuti sanaume bwino, amangophwanyika osasenda, ndiye musathamangire.

Kwa banja la anthu anayi kapena asanu, tengani kapu imodzi ndi theka ya nandolo woswa. Mutsukeni mpaka madzi ayere, mumuviike ola limodzi. Kuviikaku kumakupulumutsirani makala. Muikeni pamoto ndi makapu asanu a madzi, ndipo akayamba kuwira yengulani thovu loyera lija. Thirani theka la supuni yaing'ono ya turmeric, ufa wachikasu uja, muchepetse moto, muvundikire mosiya kampata kuti asasefukire. Mchere, tomato ndi chilichonse chowawasa zidikire kaye, chifukwa zowawasa zimachedwetsa kupsa. Pakatha mphindi 45 kapena ola, tengani njere imodzi muifinye pakati pa zala. Ikasungunuka popanda kamtima kolimba, wapsa. Mutakaseni ndi mthiko mpaka akhale ngati phala lamadzimadzi, ndipo apa ndi pamene muthire mchere. Akalimba onjezani madzi otentha, osati ozizira.

Ngati pali mwana wopitirira miyezi isanu ndi umodzi, mupatulireni wake tsopano, tsabola asanalowe. Musakanizeni ndi mpunga wofewa kwambiri. Mpunga wophikira pamodzi ndi dal mpaka kufewa ndiye khichdi, chakudya chimene amayi a ku India amayambitsira ana ndiponso kupatsa odwala.

Chimene chimasiyanitsa dal ndi chipere ndi mafuta okazingira zonunkhira amene amathiridwa pomaliza. M'Chihindi amati tadka, ku Gujarat amati vaghar. Apa ndiye pofunika maso, chifukwa zonse zimatha m'mphindi ziwiri. Dulani chilichonse chikhale pafupi musanayike chiwaya pamoto. Tenthetsani masupuni awiri aakulu a mafuta, muponye supuni yaing'ono ya njere za mpiru, mpiru womwewu wa m'dimba ukabereka. Mudzamva zikuthetheka, zina kudumpha m'chiwaya. Zikangoyamba kutero onjezani jeera (tinjere tonunkhira totchedwa cumin m'Chingerezi) ngati muli naye, kenaka adyo wosinja, jinja pang'ono ndi tsabola. Adyo akangofiirira pang'ono basi. Akada amawawa, ndipo kuwawako kumalowa mphika wonse, palibenso chochotsera. Zikapserera tayani, muyambenso, mafuta masupuni awiri asakuonongetseni ndiwo ya banja lonse. Okonda anyezi ndi tomato athire pamenepa, akazinge mpaka zifewe. Kenaka khuthulirani zonse mumphika wa dal. Pamamveka kuti tswaa, ndiye vundikirani msanga fungo lisathawe. Pakapita mphindi zisanu vundukulani.

Dal alibe kaphikidwe kamodzi. Kum'mwera kwa India amathiramo masamba ndi bwemba n'kumutcha sambar. Ku Gujarat, kumene kudachokera makolo a mabanja ambiri a Chimwenye a ku Limbe, amamukonda wamadzimadzi, wotsekemera ndi wowawasa nthawi imodzi, ndipo amaponyamo mtedza wathunthu. Ine ndimalimbikitsa kwambiri njira imeneyi chifukwa mtedza ndi bwemba tili nazo. Viikani bwemba pang'ono m'madzi ofunda, mufinye, musefe, muthire madziwo nandolo atapsa kale, pamodzi ndi supuni imodzi ya shuga. Mtedza wodzaza dzanja limodzi uphikireni limodzi ndi nandolo kuyambira pachiyambi kuti ufewe. Mukasowa bwemba finyirani ndimu pambale pomwe mukudya. Ndimu imathandizanso thupi kuyamwa ayironi amene ali mu nandolo, zomwe n'zofunika kwa amayi oyembekezera.

Dal akazizira amalimba. Wotsala madzulo mumuvundikire pamalo ozizira, ndipo m'mawa muthire madzi pang'ono, mumuwiritse mpaka abwate bwinobwino musanapatse ana opita kusukulu. Akayamba kununkha mosasa kapena kuchita thovu, musamudye.