Mmene Mungachepetsere Kukula kwa Mafayilo Apakompyuta

Musanafinye fayilo iliyonse, yambani mwadziwa zomwe zili m'kati mwake, chifukwa njira yoyenera lipoti si yoyenera chithunzi kapena kanema. Pali mitundu iwiri ya kafinyidwe. Mtundu woyamba umabweza fayilo ndendende mmene inalili mukaimasula, osasowa ngakhale chilembo chimodzi, pomwe wachiwiri umataya mwadala tinthu tomwe maso ndi makutu sazindikira msanga, ndipo zotayidwazo sizibwereranso.

Zolemba, matebulo a ziwerengero ndi mapulogalamu zimafuna mtundu woyambawo, ndipo ZIP, yomwe Phil Katz anaitulutsa mu 1989, ndiyo imatseguka pafupifupi pa kompyuta iliyonse. Imafunafuna zigawo zobwerezedwa, ndipo ikapeza mawu omwe aoneka kale siwalembanso, imangoika kachizindikiro kolozera pomwe anaonekera poyamba; kenako zilembo zopezeka kawirikawiri imazipatsa makodi aafupi, potsatira njira imene David Huffman anafalitsa mu 1952. N'chifukwa chake zolemba zazitali zimachepa kwambiri. Pa Windows 11 kapena pa Mac, sankhani mafayilowo, dinani batani lakumanja la mausi, ndipo musankhe pomwe palembedwa Compress.

Ngati ZIP sinachepetse mokwanira, yesani 7-Zip, pulogalamu yaulere ya Igor Pavlov, yomwe mtundu wake wa 7z nthawi zambiri umafinya kuposa ZIP ngakhale umatenga nthawi yaitali. Imathanso kudula fayilo m'zidutswa, zomwe zimathandiza potumiza pa Gmail pomwe malire ndi 25 MB, komanso kutseka ndi mawu achinsinsi pogwiritsa ntchito njira yobisira uthenga yotchedwa AES-256. Koma funsani kaye ngati wolandirayo angathe kutsegula 7z, apo ayi ntchito yanu yapita padera. RAR, mtundu wina wa mafayilo ofinyidwa, imatseguka ndi mapulogalamu aulere, koma kuipanga kumafuna WinRAR yomwe ndi yogula.

Pomwe ambiri amataya nthawi ndi poika zithunzi za JPEG, nyimbo za MP3 kapena makanema a MP4 mu ZIP n'kudabwa kuti kukula sikunasinthe kwenikweni. Mafayilo amenewa anafinyidwa kale, choncho mulibenso zobwerezedwa zoti zichotsedwe. Ngakhale fayilo ya DOCX, ya zolemba za mu Microsoft Word, kunena zoona, ndi ZIP yovala dzina lina. Kwa chithunzi, chepetsani mapikiselo, timadontho tomwe timapanga chithunzicho: chomwe chili ndi mapikiselo 4000 m'lifupi chikhoza kutsika pa 1600 n'kumaonekabe bwino pa sikirini. Kwa kanema, pulogalamu yaulere ya HandBrake imatsitsa kuchuluka kwa mapikiselo kuchoka pa 1080p kukhala 720p, kapena kusintha kafinyidwe ka kanema kuchoka pa H.264 kukhala H.265, yomwe imatenga malo ochepa koma zipangizo zina zakale zimalephera kuionetsa.

Chenjerani ndi JPEG, chifukwa nthawi iliyonse mukaikonza n'kuisunganso imataya tinthu tina, mpaka m'mbali mwa zilembo mumaoneka zamatope. Zithunzi zokhala ndi zolemba kapena mizere yowongoka zimasungika bwino ngati PNG, ndipo mawu ojambulidwa omwe mukufuna kudzawakonza m'tsogolo muwasunge ngati FLAC, popeza mitundu iwiriyi sitaya kanthu.

Musafufute fayilo yoyambirira musanatsimikize kuti yofinyidwayo ikutseguka. Mu 7-Zip dinani Test, kapena imasuleni m'foda ina n'kutsegula mafayilo angapo kuti muone ngati ali bwinobwino.