Kasamalidwe ka ziwiya zakale za siliva kuno kunyanja

Amene akusunga supuni, tiipoti kapena chikho cha mgonero cha siliva chosulidwa pamanja kalekale ayenera kudziwa kuti chiwiya chotere sachikwecha ndi mchenga kapena phulusa monga timachitira ndi mapoto m'mbali mwa nyanja kuno ku Nkhotakota. Siliva ndi wofewa, ndipo kukwecha kumafufuta zokongoletsa zimene wosula anavutikira.

Musanatsuke, tembenuzani chiwiyacho muone tizizindikiro todindidwa kunsi kwake. Nambala ya 925 ikutanthauza kuti pa magawo 1,000 alionse, magawo 925 ndi siliva weniweni, ndipo otsalawo kawirikawiri ndi mkuwa umene amauwonjezera kuti chitsulocho chilimbe. Pa ziwiya zochokera ku England, kamkango koyenda ndiko kamatsimikiza siliva wotereyu. Mutu wa nyalugwe umasonyeza kuti anamuyesera ku London, pamene nangula ndi wa ku Birmingham. Mukapeza zilembo za EPNS, dziwani kuti siliva ali pamwamba pokha, anangokutira chitsulo china pogwiritsa ntchito magetsi, njira imene kampani ya Elkington ya ku Birmingham inalembetsa mu 1840. Chotere chimafuna dzanja lofewa kwambiri, chifukwa siliva wakeyo akatha, chitsulo cham'kati chimaonekera. Za maginito musadalire kwenikweni: sagwira siliva, koma sagwiranso mkuwa.

Kuda kwa siliva si dzimbiri ayi. Kumabwera chifukwa cha sulufule wopezeka mumpweya, m'mazira, mu anyezi ndi mumphira, ndipo chinyezi cha kunyanja kuno, makamaka m'nyengo ya dzinja, chimafulumizitsa kudako. Tsukani ndi madzi ofunda ndi sopo wamadzi wotsukira mbale, pogwiritsa ntchito kansalu kathonje kofewa, kenaka pukutani nthawi yomweyo mpaka chiumiretu. Kuda kukakanirira, pakani mankhwala opukutira siliva pang'ono chabe, ndipo mankhwala otsukira mano muwasiye, pakuti amakanda.

Pali njira ina yotchuka, yoyala pepala la aluminiyamu m'beseni, kuthiramo madzi otentha ndi soda wophikira, n'kumizamo chiwiyacho. Imayeretsadi msanga, ndipo pa masupuni osalala ndi yabwino, koma pa chiwiya chokongoletsedwa ine sindiivomereza. Maluwa ndi masamba amene mumaona atatukuka pa tiipoti, kawirikawiri wosula sanawamate. Anakhazika silivayo pa phula kuti asabowoke, n'kumakhoma ndi kanyundo ndi tizitsulo tosiyanasiyana chakum'kati kuti maluwawo atukuke, kenaka anatembenuza n'kukonza mizere yake chakunja. Kuda kumene kumakhalira m'mizere imeneyi ndiko kumachititsa kuti duwa lioneke bwino, ndipo akadaulo ogula zinthu zakale amakufuna. Soda amachotsa konse, n'kusiya chiwiyacho chili mbuu.

Chiwiya chikapindika kapena chogwirira chikathyoka, musapite nacho kwa wowotcherera zitsulo kapena womata ndi mtovu, chifukwa mtovu umadya siliva ukatenthedwa kwambiri. Funani wosula siliva kapena golide. Posunga, kulungani chilichonse pachokha m'nsalu yathonje youma, osamanga ndi mphira kapena kukulunga m'nyuzipepala, ndipo muikemo kachidutswa ka choko kuti kaziyamwa chinyezi. Supuni imene yagwira mchere kapena dzira itsukidwe tsiku lomwelo.