Banki ikakukanizani ngongole ya galimoto, musathamangire kwa wakatapila

Kuyambira pamene mpunga wa dzinja unayamba kugulitsidwa chaka chino, ndakhala ndikuona chinthu chimene chikundidetsa nkhawa m'madera a Bua, Benga ndi kuzungulira boma la Nkhotakota. Alimi amene anakolola bwino akugula magalimoto, makamaka ma Sienta ndi ma Probox, kuti azinyamula anthu ndi katundu pa msewu wa M5. Kugula galimoto si mlandu, ndipo mlimi amene akufuna kuti ndalama yake ya mpunga ibereke ina akuganiza bwino. Chimene chalakwika ndi kumene ndalama yowonjezera ikuchokera. Mlimi akupita kubanki ndi ndalama yoperewera, akupempha ngongole kuti akwanitse mtengo wa galimoto, banki ikumuuza kuti alibe mbiri ya ngongole, ndipo iye akutuluka ali wokwiya n'kulunjika kwa wakatapila tsiku lomwelo. Ena mwa magalimoto amenewa panopa aimikidwa kuseri kwa nyumba za anthu amene anakongoza ndalamazo, pamene eni ake abwerera pa njinga yakapalasa ndipo feteleza wa chaka chino alibe.

Madandaulo amene ndimamva ndi amodzimodzi. Mlimi amati: "Ine chibadwire sindinakongolepo kwa munthu, nanga banki ikundikayikira chifukwa chiyani?" Yankho lake ndi lowawa koma n'losavuta. Banki sikudziwani. Dziko lino lili ndi lamulo la Credit Reference Bureau la 2010, limene linatsegula njira yoti mabungwe ovomerezedwa ndi Reserve Bank of Malawi, monga Credit Data CRB, azisunga mbiri ya anthu okongola ndalama. Mabanki ndi mabungwe obwereketsa ndalama amatumiza ku mabungwe osunga mbiriwa, amene mwachidule amatchedwa CRB, mayina a makasitomala awo, ndalama zimene anatenga ndi momwe akubwezera. Mukapempha ngongole, wogwira ntchito kubanki amafufuza dzina lanu pogwiritsa ntchito chiphaso cha unzika. Akapeza kuti palibe chimene chinalembedwapo, sanena kuti ndinu wakuba, koma alibenso umboni woti mukapatsidwa mamiliyoni mudzabweza. Akatero amapempha sitetimenti ya akaunti yanu ya miyezi ingapo kuti aone ndalama zimene zimalowa ndi kutuluka, ndipo apa ndi pamene alimi ambiri a mpunga amagwera, chifukwa akaunti ilibe kanthu kapena inatsekedwa kalekale.

Nkhani imeneyi ife alangizi takhala tikuikamba m'misonkhano ya makalabu a alimi kwa zaka zambiri, ndipo kunena zoona zimatopetsa kuibwereza. Venda akubwera ndi sikelo yake pakhomo, akukweza matumba makumi asanu a Kilombero, akukupatsani ndalama m'manja, inu n'kuikulunga m'jumbo n'kuiika pansi pa matiresi. Lisiti palibe, buku palibe, ngakhale tsiku limene munagulitsa simunalembe. Tikafunsa chifukwa chake, mumati banki imadula ndalama mwezi ndi mwezi, kapena kuti boma n'kutali. Ndalama yodulayo mumaiona, koma simuona kuti mwakhala mukulima zaka khumi popanda chikalata chilichonse chosonyeza kuti ulimi wanu umabweretsa ndalama. Anzanu ambiri olima nzimbe ku Dwangwa amalandira malipiro awo kudzera kubanki, chimodzimodzinso olima fodya amene amagulitsa ku okushoni. Ena a iwo amapeza zochepa kuposa inu, koma akalowa m'banki amamvedwa msanga chifukwa ndalama zawo zili ndi mapazi ooneka. Inu amene mumagwira zambiri mukuoneka ngati munthu wosagwira ntchito.

Tsopano tiwerenge mtengo wa katapila, chifukwa ambiri amavomera asanawerenge. Akatapila ambiri kuno amafuna theka la ndalama imene mwatenga ngati chiwongola dzanja cha mwezi umodzi, ndipo ena amafuna kuti mubweze kawiri. Titenge munthu amene wapereweredwa K2 miliyoni. Mwezi uliwonse ayenera kupereka K1 miliyoni ya chiwongola dzanja chokha. Akapereka mokhulupirika kwa miyezi inayi, ndiye kuti watulutsa K4 miliyoni, koma K2 miliyoni ija ikadali pomwepo osasunthika. Akalephera mwezi umodzi, chiwongola dzanja chimaphatikizidwa ku ngongole, kotero K2 miliyoni imasanduka K3 miliyoni, mwezi wotsatira K4.5 miliyoni, wachitatu K6.75 miliyoni. Palibe Sienta imene ingathamange pakati pa Nkhotakota ndi Salima mpaka kupeza ndalama yotere, ngakhale mutapanikiza anthu mpaka m'buti.

Bambo wina wa kufupi ndi sikimu ya Bua, amene dzina lawo sinditchula, anandipeza pa msonkhano wokonzekera nazale atanyamula kapepala kong'ambidwa m'kope la mwana wasukulu. Pakapepalapo panalembedwa ndi bolopeni ndalama imene anatenga, tsiku lobweza, siginecha yawo ndi chidindo cha chala cha mayi akunyumba ngati mboni. Chiwongola dzanja sichinalembedwe paliponse, anangogwirizana pakamwa. Anandiuza kuti: "Alangizi, ine ndimati ndibweza pakutha pa miyezi iwiri, galimoto ikangoyamba kuyenda." Galimoto inayendadi milungu yoyamba, koma kenaka giyabokosi inayamba kuvuta, makanika anati ifunika ina, ndipo galimoto inakhala pagalaja nthawi yomwe wakatapila amayembekeza ndalama yake. Nditawafunsa kuti bulubuku ili kuti, anayang'ana pansi n'kunena kuti inatsala kwa mwini ndalama pamodzi ndi kiyi wapadera ndi khadi la kubanki la mwana wawo amene ndi mphunzitsi. Ndinawafunsa kuti: "Bambo, munalowetsanso mwana m'nkhaniyi?" Anati panalibe kuchitira mwina chifukwa chikole cha galimoto chokha chinakanidwa. Pamene tinkakambirana n'kuti galimoto itatengedwa kale, malipiro a mwanayo akutapidwa mwezi uliwonse, ndipo iwo akuganiza zobwereketsa puloti yawo ya musikimu kwa munthu wina kuti apeze yotsekera. Mlimi amene mu Juni anali ndi matumba odzaza nyumba akufunsa tsopano kumene kuli ganyu yowokera mpunga.

Chimene chimawapusitsa ambiri ndi kuwerengera ndalama imene galimoto imatolera patsiku n'kuiyesa phindu. Pa ndalama imeneyo chotsanipo mafuta, malipiro a dalaivala, oitanira pasiteji, matayala amene msewu wathu umadya mofulumira, ndi masiku amene galimoto imagona pamzere pa filing'i siteshoni mafuta akasowa, monga takhala tikuonera zaka zapitazi. Kuyambira pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, zipangizo za galimoto zinakwera mtengo kwambiri chifukwa pafupifupi zonse zimachokera kunja. Onjezanipo inshuwalansi, COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi chilolezo chonyamula anthu, zimene ambiri amazizemba mpaka apolisi apamsewu atawagwira. Ndiye ikubwera miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene anthu alibe ndalama yoyendera, mvula yawononga misewu, ndipo inu mukufunanso ndalama ya feteleza ndi aganyu. Wakatapila sadziwa kuti kuli dzinja. Tsiku lake likakwana amafika pakhomo, ndipo akapanda kupeza ndalama amatenga chimene waona.

Koma chimene chimandipweteka kwambiri ndi cha anthu amene amalimbikira mpaka kumaliza kubweza. Alipo amene agulitsa ng'ombe, agulitsa mpunga wosungira mbewu, abweza K5 miliyoni kapena kuposerapo pa ngongole ya K2 miliyoni, osaphonya ngakhale mwezi umodzi. Kukhulupirika konseko sikunalembedwe paliponse. Wakatapila satumiza dzina lanu ku CRB, sapereka sitetimenti, ndipo sangakulembereni kalata yoti mupite nayo kubanki chifukwa iye mwini akuchita malondawo mobisa. Chaka chamawa mukadzabwerera kubanki mudzauzidwa mawu omwe aja, akuti mulibe mbiri, ndipo mudzabwereranso kwa munthu yemwe uja. Chimodzimodzinso amene mumatuma m'bale wapantchito kuti akutengereni ngongole m'dzina lake. Mukabweza bwino, mbiri yabwino imapita kwa iye ndipo galimoto imalembedwa m'dzina lake. Mukalephera, dzina limene limaipa ndi lake, kotero kuti sangathenso kukongola ya fizi ya ana ake, ndipo chibale chimathera pabwalo la amfumu.

Sindikunena kuti ngongole ya kubanki ndi yotsika mtengo. Mu Febuluwale 2024 Reserve Bank of Malawi inakweza chiwongola dzanja chimene mabanki amayendera kufika pa 26 pa 100, ndipo mabanki amawonjezerapo gawo lawo akamakongoza anthu. Komabe tingoyerekeza kuti banki yakulipiritsani 35 pa 100 pachaka. Pa K2 miliyoni, chiwongola dzanja cha chaka chonse sichingapitirire K700,000, ndipo chimachepa pamene mukubweza. Ndalama imeneyi siikufika n'komwe pa imene wakatapila amatenga m'mwezi umodzi. Kuwonjezera apo, mgwirizano umakhala wolembedwa, mumadziwa ndalama ya mwezi uliwonse musanasaine, ndipo banki imakukakamizani kudula inshuwalansi yoteteza galimoto yonse, osati yongoteteza anthu ena pamsewu. Alimi amadandaula nayo inshuwalansi imeneyi, koma galimoto ikagubuduzika ndiyo imakupulumutsani kuti musamabweze ngongole ya chinthu chimene chasanduka zitsulo. Banki nayonso imalanda galimoto mukalephera kubweza, zimenezo musaiwale, koma imatsata ndondomeko, ndipo mukaona kuti mwalakwiridwa muli ndi kokadandaula.

Tsono chochita n'chiyani? Choyamba vomerani kuti galimoto si ya chaka chino. Tsegulani akaunti ndi chiphaso chanu cha unzika, kapena dzutsani ija munaisiya, ndipo ndalama iliyonse ya mpunga, mtedza kapena nsomba izilowa kaye m'menemo ngakhale mutaitapa mawa lake. Wogula amene angathe kulipira kudzera kubanki, pa Airtel Money kapena pa Mpamba, muuzeni atero, ndipo nambala ya foniyo ikhale yolembetsedwa m'dzina lanu, osati la mwana. Gulitsani kudzera ku kopaletivi pamene zingatheke ndipo sungani malisiti. Banki m'khonde ndi yabwino pophunzira kusunga ndi kubweza, musaisiye, koma dziwani kuti kabuku kake sikafika ku CRB, choncho payokha sikukupangirani mbiri imene banki ikufuna.

Kenaka tengani ngongole yaing'ono, monga ya feteleza kapena ya pampu yothirira, ku SACCO (kopaletivi yosunga ndi kubwereketsa ndalama) kapena ku bungwe lobwereketsa ndalama lokhala ndi chiphaso cha Reserve Bank, ndipo musanasaine funsani ngati amatumiza mbiri ya makasitomala ku CRB. Ma SACCO ambiri ali pansi pa bungwe lawo lalikulu la MUSCCO ndipo amakongoza molingana ndi masheya amene mwasunga, kotero yambani kusunga msanga. Bwezani tsiku lisanakwane, tenganinso ina yokulirapo pang'ono nyengo yotsatira, mubwezenso chimodzimodzi. Samalani ndi timangongole ta pafoni, chifukwa kakang'ono kamene mwakaiwala kangathe kudetsa dzina lanu. Amene muli ndi ngongole yakale ya NEEF kapena ya kalabu, kaimalizeni kaye, ndipo musasainire munthu ngati mboni yomuimira pa ngongole ngati simungathe kumubwezera. Muli ndi ufulu wopempha lipoti lanu ku CRB kuti muone zimene zinalembedwa ndi kukonzetsa zolakwika. Mukadzabwerera kubanki pakatha nyengo ziwiri, tengani sitetimenti, malisiti, kalata ya amfumu yotsimikiza kumene mukukhala, kotesheni ya wogulitsa galimoto ndi dipoziti yanu, ndipo pemphani kuti masiku obweza agwirizane ndi nthawi yokolola. Galimotoyo ionedwe ndi makanika wanu, osati wa wogulitsa. Amene mwagwidwa kale ndi wakatapila, musadikire kuti ngongole ikule. Gulitsani galimotoyo nokha pamtengo wabwino mwezi uno, mukabweze pamaso pa mboni, mulembetsane kuti nkhani yatha, ndipo mutenge bulubuku, makadi ndi ziphaso zonse zimene munasiya kumeneko.